Reverb yakale ya mu raki ikayamba kuvuta, musafulumire kunena kuti IC yafa

Makina a effects, osintha kamvekedwe ka mawu, monga Yamaha SPX90, Roland SRV-2000, Lexicon PCM 70 ndi Alesis Quadraverb anatuluka m'zaka za m'ma 1980, koma mpaka lero mumawapeza ali pa ntchito m'masitudiyo ndi m'maraki (mafelemu omangapo makina mosanjikiza) a magulu oimba. Eni ake sawasunga chifukwa chosowa atsopano ayi. Reverb (kumveka kwa mawu ngati ali m'holo yaikulu) ndi chorus (mawu amodzi kumveka ngati ambiri) za makina amenewa zili ndi kamvekedwe kakekake, ndipo munthu amene khutu lake linazolowera savomera msanga kuti pulogalamu ya pa kompyuta ilowe m'malo mwake. Chovuta ndi ukalamba. Chipangizo chimene chakhala chikutentha ndi kuzizira kwa zaka zoposa 30 chimatopa, ndipo madandaulo a eni ake amakhala omwewomwewo: lero ayaka, mawa akana; zimene ndinasunga zasowa; pansi pa nyimbo pakumveka kulirima; reverb ikamatha ikuthetheka; sikirini yachita mdima.

Ambiri akaona zimenezi amagamula kuti IC yaikulu ya DSP, kachipangizo ka miyendo yambiri kamene kamapanga effect, yafa, makina n'kukaponyedwa pakona. Ena amatsegula n'kuzula makapasita, tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi, onse tsiku limodzi asanayeze kalikonse. Njira zonse ziwirizi ine ndimazikana. IC ya DSP imafa mwa apo ndi apo. Zimene zimatopa kawirikawiri ndi tizinthu totsika mtengo toizungulira: makapasita a mbali ya magetsi, batire, mtovu wowotcherera wong'aluka, maswichi a dzimbiri. Kuzula zonse nthawi imodzi nako kumangounjika mavuto atsopano pamwamba pa lakale, moti makina akakana kuyaka simudziwanso ngati ndi nthenda yakale ija kapena ndi dzanja lanu. Ntchito yake ndi kuchepetsa malo okayikitsa pang'onopang'ono, kusintha chinthu chimodzi, kuyesa, kenako kupita pa china.

Musanamasule sikuluwu ndi imodzi yomwe

Tulutsani makinawo mu raki, muwaike pa tebulo paokha. Lowetsani mawu kuchokera ku chipangizo chimodzi, tulutsirani ku ampulifaya imodzi, pogwiritsa ntchito mawaya amene mwawayesa kale pena. Kulirima kochuluka kumene anthu amanamizira makina kumachokera ku ground loop, pamene zipangizo zalumikizana ku ethi kudzera njira zingapo: waya wa magetsi, waya wa mawu, ndi chitsulo cha raki chimene makina onse amangidwapo. Kulirima kukatha makina ali paokha, ndiye kuti makinawo alibe mlandu, konzani kalumikizidwe. Koma chonde, musathetse ground loop podula mwendo wa ethi pa pulagi. Waya ameneyo ndi amene amachititsa kuti fyuzi ipse tsiku limene magetsi akhudza chitsulo cha bokosi. Mukamudula, njira yotsala ndi thupi lanu kapena la woimba amene wagwira maikolofoni.

Werengani zolembedwa kumbuyo. Makina opangira msika wa Japan ndi a 100V, a ku America ndi a 120V, a ku Ulaya ndi a pakati pa 220V ndi 240V, ndipo makina akalewa ayenda m'manja mwa anthu ambiri. Ena ali ndi swichi yosankhira voliteji, ena alibe. Palinso msampha wa adaputa. Makina ambiri a Alesis a nthawi imeneyo, komanso Lexicon LXP-1, amafuna adaputa yotulutsa 9V AC, osati DC. M'kati mwake amapanga okha magetsi a pulasi ndi a mainasi kuchokera ku AC imeneyo. Mukawapatsa adaputa ya DC, mwina tinyali tingayake, koma mbali imodzi ya magetsi imasowa ndipo mawu satuluka bwino kapena satuluka n'komwe. Adaputa yoyambirira ikasowa, munthu amangotola ina yolowa pa bowolo, ndipo vuto limayambira pamenepo.

Onaninso swichi ya levo, yolembedwa -10 ndi +4, kapena -20 ndi +4 pa makina ena. Pakati pa -10 dBV ndi +4 dBu pali kusiyana kwa pafupifupi 12 dB. Ikakhala polakwika mumamva mawu osweka, kapena mawu ochepa okhala ndi phokoso la "shhh" lambiri. Swichi imeneyi imatha zaka osakhudzidwa, choncho imagwira dzimbiri. Isunthireni uku ndi uku kangapo konse mukumvetsera. Chitaninso chimodzimodzi ndi bowo la footswitch ya bypass, swichi yoponda ndi phazi yolambalalitsa effect: lowetsani jack ndi kuizula kangapo, chifukwa tizitsulo ta m'bowomo tikada makina amatha kukakamira pa bypass.

Dziwaninso chimene makinawo ali mwachibadwa. SPX90 imagwira mawu pa 31.25 kHz, ndipo effect yake imathera cha pa 12 kHz. Ngati reverb yake sikumveka yowala ngati ya makina a lero, imeneyo si nthenda, ndi mmene anaipangira.

Magetsi choyamba

Musanatsegule, zulani pulagi pakhoma. Makina amene ali ndi thiransifoma yaikulu yolemera ngozi yake ili pa soketi yolowera magetsi, pa fyuzi, pa swichi ndi pa mawaya opita ku thiransifomayo. Makina a switch-mode, amene alibe thiransifoma yolemerayo, ndi oopsa kuposa pamenepo: kapasita yake yaikulu imasunga pafupifupi 325V DC pa magetsi a 230V, ndipo imatha kukhalabe ndi mphamvu pulagi itazulidwa kale. Iyezeni ndi mita yoyezera magetsi, ndipo ngati ili ndi magetsi itsitseni kudzera mu rezisita, osati poigunditsa sikuludiraiva. Ngati simunagwirepo ntchito pa magetsi otere, mbali imeneyi musiyireni mmisiri. Zina zonse mungathe kuchita nokha.

Mukatsegula, musathamangire mita. Nunkhizani, ndipo yang'anani pansi pa kuwala kokwanira. Kapasita yotupa pamwamba, kapena yokhala ndi zoumirira m'munsi mwake, yatha. Makapasita ang'onoang'ono asiliva omata pamwamba pa bolodi, ofala m'makina a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amachuchira pansi pawo osaoneka. Mumawazindikira poona mtovu wa miyendo yake utachita mbuu, ndi fungo la nsomba limene limatuluka mukaugunditsa chowotcherera. Yang'ananinso guluu amene mafakitale ankamatira makapasita akuluakulu. Ali watsopano amakhala wachikasu, koma ndi kutentha amasanduka wabulauni wakuda, amayamba kudutsitsa magetsi, ndipo amadya miyendo ya zipangizo zimene wazikhudza. Mukaona mwendo wa rezisita kapena wa daiyodi utabiriwira pamene guluuyo wadutsa, paleni guluu yense ndipo muyeze chilichonse chimene anakhudza. Pafupi ndi polowera magetsi pamakhala kapasita ya mtundu wa X. Yakale ya pepala ikachita ming'alu pachikopa, isintheni isanafuke utsi, ndipo yolowa m'malo ikhale yolembedwa X2.

Fyuzi ikapezeka yapsa, musangoika ina n'kuyatsa. Fyuzi imatha kufa ndi ukalamba, koma ikachita kuda m'kati mwa galasi ndiye kuti panadutsa shoti. Ikani ya muyezo womwewo ndi mtundu womwewo: chilembo T ndi yochedwa kupsa, F ndi yofulumira. Kumangapo waya ndi kupereka thiransifoma nsembe, pomwe thiransifoma ya makina amenewa ndi yovuta kuipeza. Poyatsa koyamba, dutsitsani magetsi mu babu lakale la ulusi, la 40W kapena 60W, lolumikizidwa motsatana ndi makinawo. Babu likawala pang'ono n'kuzilala, zili bwino. Likawala n'kukhalabe chiwalire, zimitsani, shoti ilipo. Njira imeneyi imanena zoona kwambiri pa makina a thiransifoma wamba. Pa switch-mode babu limatha kumangophethira n'kukusokonezani.

Makina ambiri otere ali ndi mizere itatu ya magetsi: +5V ya mbali ya digito, kenako +15V ndi -15V ya mbali ya mawu, kapena +12V ndi -12V pa ena. Kawirikawiri mudzapeza maregyuleta, tizipangizo tokhazikitsa voliteji, a miyendo itatu olembedwa 7805, 7815 ndi 7915 atamangidwa pa chitsulo choziziritsa. Panani waya wakuda wa mita pa ground, mzere wa 0V, kuti dzanja limodzi likhale lomasuka, ndipo kulungani nsonga ya waya wofiira ndi tepi kungosiya kansonga kokha. Nsonga ikaterereka n'kugunditsa miyendo iwiri, mutha kupha IC imene inali yamoyo. Samalani ndi miyendo ya maregyuleta, chifukwa siifanana. Pa 78xx, mukayang'ana kumene kuli zolemba, ndi polowera, ground, potulukira. Pa 79xx ndi ground, polowera, potulukira, ndipo chitsulo chake chakumbuyo si ground.

Mzere wa 5V uyenera kukhala pakati pa 4.75V ndi 5.25V, ndipo muuyeze pa mwendo wa IC ya digito yomwe ili kutali, osati pa regyuleta pokha. Kolumikizira kamodzi ka dzimbiri pakati pa mabolodi awiri kamatha kudya magetsi okwanira kusokoneza purosesa, IC yoyendetsa makina onse, pamene pa regyuleta mita ikuonetsa 5V yabwinobwino.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya makina oyaka lero n'kukana mawa. Magetsi akadutsa m'madaiyodi amabwera modukizadukiza, ka 100 pa sekondi kumene magetsi ndi a 50 Hz, ka 120 kumene ndi a 60 Hz. Kapasita yaikulu ili ngati thanki ya madzi imene imadzaza pampu ikapopa, n'kumapereka madzi mosadukiza mpaka pampu itapopanso. Ikakalamba imauma m'kati, imasunga zochepa, ndipo pakati pa kudzaza kuwiri voliteji imagwa kwambiri. Regyuleta imafuna kuti polowera pakhale pafupifupi 2V kuposa potulukira, ndiye kuti 7805 imafuna 7V kapena kuposa nthawi zonse, ngakhale pa kamphindi kamene voliteji yatsikitsitsa. Mita ikakhala pa DC imangokuonetsani zapakati, mwina 9V, inu n'kukhutira, pomwe ka 100 pa sekondi voliteji ikugwera pansi pa 7V ndipo kugwako kukudutsa mpaka ku purosesa. Zotsatira zake ndi makina oyambiranso okha ampulifaya yaikulu ikayatsidwa, zilembo zosokonekera pa sikirini, ndi kulirima kokwererapo kuposa kwa ground loop. Choncho yezaninso pa AC, pamiyendo ya kapasitayo komanso potulukira regyuleta. Potulukira payenera kukhala mamilivoti ochepa chabe. Mita zina zotsika mtengo zimanama pa AC pakakhala DC. Ikani kapasita ya 0.1 µF motsatana ndi waya wofiira, kapena gwiritsani ntchito osilosikopu ngati ilipo.

Makina okana kuyaka kukazizira koma oyaka akatenthedwa pang'ono amalozanso ku makapasita, chifukwa kapasita yotopa imachitako bwino ikafunda. Pa switch-mode wolakwa kawirikawiri si kapasita yaikulu ija, koma kakang'ono koyambitsira kamene kamakhala pafupi ndi zinthu zotentha.

Mzere umodzi ukapezeka uli pa ziro ndipo regyuleta yake ikuotcha chala, musaiweruze msanga, mwina ikungodziteteza ku shoti ya kutsogolo. Zimitsani, yezani ma ohm pakati pa mzerewo ndi ground, kenako zulani zolumikizira za mabolodi chimodzichimodzi mpaka shoti itasowa. Pa bolodi limene yapezeka, yambani kukayikira makapasita a tantalum, aja ooneka ngati kadontho ka utoto, chifukwa iwo akamafa amachita shoti.

Posintha makapasita, ma µF akhale omwewo, voliteji ikhale yomweyo kapena yokwererapo, ndipo sankhani a 105°C. Jambulani bolodi musanazule kalikonse. Kumbukirani kuti pa mzere wa -15V mwendo wa pulasi ndi umene umapita ku ground. Kapasita yoikidwa chozondoka imatupa kapena kuphulika. Makapasita a mbali ya magetsi ndimavomereza kuwasintha onse pa makina a msinkhu umenewu, popeza onse akalamba pa kutentha kumodzi. A m'njira ya mawu ndi ena onse asiyeni mpaka muyezo utawatsutsa.

Dry ndi wet

Magetsi akakhala bwino koma mawu akuvutabe, makinawo ali ndi chida chofufuzira pamaso pake pomwe: chopotokola kapena batani la MIX kapena BALANCE. Mawu akalowa amadutsa pa levo yolowera n'kugawikana pawiri. Njira ina, ya dry, imapita molunjika kotulukira. Inayo, ya wet, imadutsa mu fyuluta, imasandutsidwa manambala mu ADC, imakonzedwa ndi DSP mothandizana ndi RAM, imabwezedwa kukhala mawu mu DAC, kenako imakumana ndi dry ija. Pa makina ambiri a m'ma 1980 njira ya dry sikhudza digito n'komwe. Pa ena apambuyo pake zonse zimadutsa mu ADC, choncho onani chithunzi cha kayendedwe ka mawu m'buku la makinawo.

Mvetserani dry yokha, kenako wet yokha. Zonse ziwiri zikakhala zoipa, vuto lili pamene njira ziwirizi zili pamodzi: polowera, potulukira, kapena magetsi a ±15V. Dry ikakhala yoyera koma wet yoipa, mwachotsa kale theka la bolodi pa mlandu. Mbali imodzi yokha ikamavuta, kumanzere kapena kumanja, muli ndi mwayi, chifukwa mbali yabwinoyo ikuuzani muyezo woyenera pa malo alionse. Tinyali toonetsa levo nato timachitira umboni: tikamayenda, mawu afika m'kati.

Tinyali tikamayenda koma kotulukira kuli zii, ganizirani za mute. Makinawa amatseka mawu kwa kanthawi akangoyatsidwa kuti masipika asagunde. Ena amagwiritsa ntchito relay, kaswichi koyendetsedwa ndi magetsi. Tcherani khutu, muyenera kumva kakuti "tiki" patangopita kanthawi mutayatsa. Kakapanda kumveka, fufuzani chimene chimayendetsa relay. Kakamveka koma mawu akudukaduka, ndipo akubwerera mukagogoda relay, tizitsulo take tada, isintheni. Ena amagwiritsa ntchito mathiranzisita monga 2SC2878 amene amagwetsera mawu ku ground. Imodzi ikawonongeka imachepetsa mawu kapena kuwaswa mbali imodzi. Mukaizula kwa kanthawi mawu n'kuyera, mwamugwira wolakwa.

Ma op-amp, ma IC okulitsa mawu, a miyendo 8, monga 4558, TL072 ndi NE5532, ndi osavuta kuwafunsa. Mwendo 8 ukhale ndi magetsi a pulasi, mwendo 4 a mainasi, ndipo miyendo 1 ndi 7, yomwe ndi yotulukira, ikhale pafupi ndi 0V pamene palibe mawu. Mukapeza mwendo wotulukira uli pafupi ndi +15V kapena -15V, IC imeneyo kapena china choizungulira chawonongeka. Kuti mutsate mawu, pangani kachida kosavuta: waya wa mawu wopita ku ampulifaya yaing'ono, wokhala ndi kapasita ya 0.1 µF kunsonga yoletsa DC. Lowetsani kulira kwa 1 kHz m'makina, tsitsani voliyumu, ndipo gundani potulukira pa op-amp iliyonse motsatira njira. Pamene mawu asowa kapena ayamba kusweka, vuto lili pakati pa malo amenewo ndi amene munagunda komaliza. Kachida kameneka kasayandikire mbali ya magetsi a pakhoma.

Wet ikakhala yoipa, mvetserani mtundu wa kuipako. Kuthetheka kobwera mwa kanthawi kofanana, kosatsata nyimbo, kumene kumakula pa mapulogalamu ena kuposa ena, kumaloza ku RAM yosungira mawu. Makina a nthawi imeneyo ankagwiritsa ntchito ma DRAM monga 4164, 4464 ndi 41256, ndipo amenewa amapezekabe. Yezani 5V pa miyendo yake kaye, kenako khudzani iliyonse ndi chala. Yotentha kuposa anzake ndi yokayikitsa, ndipo mankhwala opopera oziziritsa amatha kuiulula, phokoso likasintha mukangoipopera. Posintha, ikani soketi kuti bolodi lisadzawotchedwenso kawiri. Pozula IC yakale dulani miyendo yake n'kuichotsa umodziumodzi. IC yakufa ilibe ntchito, koma tinjira ta mkuwa ta pa bolodi tikazuka mwapeza ntchito ina.

Kusweka komveka pokhapokha mawu akachepa, kumchira kwa reverb, ndi nkhani ina. Kumeneko ndi ku ADC kapena DAC, ndipo nthawi zambiri pafupi pake pamakhala tizopotokola tating'ono ta pa bolodi tokonzera muyezo wake, totchedwa offset kapena MSB. Musatikhudze mulibe buku la amisiri la makinawo. Ndimanena izi motsindika chifukwa munthu akasowa chochita dzanja limathamangira pamenepo, ndipo kubwezeretsa popanda buku ndi zida zoyezera n'kovuta kwambiri. Ngati mwaganiza zotisuntha, yezani ma ohm ake kaye ndi kuwalemba.

Sikirini, batire ndi makina okana kudzuka

Sikirini zambiri za mizere iwiri ya zilembo 16 zimayendetsedwa ndi HD44780 kapena IC yofanana nayo. Mukayatsa n'kuona mzere wapamwamba wadzaza timabokosi takuda, wapansi uli mbee, sikiriniyo ndi yamoyo. Yalandira magetsi koma purosesa sinailankhule. Fufuzani chimene chikuletsa purosesa kudzuka: 5V, kenako mwendo wa reset, umene uyenera kusintha patangopita kamphindi mutayatsa ndipo kawirikawiri umadalira kapasita kakang'ono kamene nako kamauma, kenako crystal yopereka liwiro kwa purosesa, kenako EPROM yosunga pulogalamu yake. EPROM ndi IC ija ya kawindo kophimbidwa ndi kapepala, yokhala mu soketi. Miyendo yake imada. Gwirani chitsulo cha bokosi kaye kuti thupi lanu litaye magetsi, onani kumene kwaloza kamphako ka kumutu kwake, itukuleni pang'onopang'ono mbali iyi ndi iyo, pukutani miyendo ndi isopropyl, n'kuibwezera. Kapepala kakamatuka phimbani kawindoko, chifukwa kuwala kwa UV kumafufuta zimene zili m'katimo.

Zosunga zikamasowa mukazimitsa, ndi batire. Ambiri ali ndi la lithium la 3V, monga CR2032 la miyendo yowotcherera pa bolodi. Latsopano limaonetsa kupitirira 3V pang'ono. Likatsikira cha ku 2.5V musadikire. Batire lofooka silimangofufuta zosunga, limathanso kusiya zinyalala mu RAM zimene zimapangitsa makina kuuma poyaka kapena kutulutsa phokoso loopsa pa mapulogalamu ena, mpaka munthu kuganiza kuti DSP yapenga. Ngati makina akuyakabe, tumizani zosunga zanu ku kompyuta kudzera pa waya wa MIDI ngati uthenga wa SysEx musanachotse batire, ngati makinawo amalola. Ikani chotengera batire kuti ulendo wina pasadzafunike chowotcherera, ndipo musawotcherere waya pa batire lenilenilo, chifukwa lithium ikatenthedwa imatha kuphulika. Mukamaliza chitani factory reset, kubwezera makina mmene anachokera ku fakitale. Mabatani ake amasiyana makina ndi makina, onani m'buku.

Mukapeza batire la NiCd, looneka ngati kambiya, lichotseni ngakhale likugwirabe ntchito. Limachucha, ndipo zochuchazo zimayenda pansi pa utoto wa bolodi n'kumadya tinjira ta mkuwa. Tsukani malowo ndi viniga woyera pang'ono, kenako isopropyl, umitsani bwino, ndipo yezani kanjira kalikonse kodutsa pamenepo, chifukwa kamatha kuoneka kabwino kali kodukira m'kati. Makina a NiCd amatchaja batire lawo. Mukaika la lithium losayenera kutchajidwa, pafunika daiyodi yoletsa magetsi kulowa m'batiremo. Batire latsopano likatha pa miyezi yochepa, pali chimene chikuliyamwa: daiyodi yodontha, zotsalira za kuchucha kuja, kapena SRAM yomwe, IC imene imasunga zosungazo.

Sikirini ya mdima koma yowerengeka mukaiwalitsa ndi tochi vuto lake ndi nyali yakumbuyo. Zakale zambiri zili ndi kapepala kowala ka EL kamene kamazilala ndi zaka, koyendetsedwa ndi inverter yotulutsa pafupifupi 100V AC, yomwe ndi imene imalira kuti "tsiii" m'bokosi. Mutha kusintha kapepalako, kapena kuika sikirini yatsopano ya LED n'kuchotsa inverter. Musanalumikize yatsopano tsimikizani miyendo ya 5V ndi ground, chifukwa pa sikirini zina zakale inasinthanitsidwa.

Vuto lobwera n'kupita

Limeneli ndi lotopetsa, koma nthawi zambiri mankhwala ake ndi mtovu basi. Makina ali chiyakire, mawu akudutsa, gogodani bolodi mopepuka ndi kamtengo kouma, kutali ndi mbali ya magetsi a pakhoma, ndipo sunthani mawaya ndi zolumikizira. Pamene phokoso layankha, tembenuzani bolodi muyang'ane ndi galasi lokulitsa. Mukufuna kamng'alu kozungulira mwendo, kopyapyala kuposa tsitsi, pakati pa mwendo ndi mtovu wake. Kamapezeka pa ma jack, amene akhala akukankhidwa zaka zonsezi, pa miyendo ya maregyuleta imene imafutukuka ndi kukhwinyata ndi kutentha, ndi pa zolumikizira zazikulu. Musangounjikapo mtovu watsopano. Yamwani wakalewo, pakani flux, mankhwala othandiza mtovu kugwira, wotchererani mwatsopano mpaka mtovu utayenderera bwino kuzungulira mwendo. Mukapeza umodzi wong'aluka pa jack, chitani ma jack onse.

Zopotokola zothetheka mukamazipotokola zimafuna mankhwala otsukira ma contact, pang'ono chabe, osati mafuta omasulira mabawuti. Ngati mwatsuka koma kuthetheka kukubwerera, yezani DC pa miyendo yake. Ikapezeka, kapasita yoyandikana nayo ikudontha, ndipo ngakhale chopotokola chatsopano chidzalira chimodzimodzi. Mabatani ofuna kudinikizidwa mwamphamvu kapena odumpha kawiri musavutike kuwatsuka. Timaswichi take timapezeka mosavuta, ingoyezani kutalika kwa kamutu kake musanagule. MIDI ikasiya kulandira pamene zina zonse zili bwino, onani channel ndi waya kaye, kenako optocoupler, IC yolandira uthenga polowera MIDI, monga 6N138 kapena PC900.

Nthawi zina zonsezi zimapezeka zili bwino: magetsi ndi oyera, crystal ikuyenda, RAM yasinthidwa, tinjira tonse n'tolumikizika, koma wet kulibe. Pamenepo ndiye mungayambe kukayikira IC ya DSP. Ambiri mwa ma IC amenewa anapangidwira makina a kampani imodzi okha ndipo anasiya kupangidwa kalekale, choncho njira yake ndi kupeza makina ena a mtundu womwewo amene anafa ndi nthenda ina, n'kutengamo bolodi lonse kapena IC yokhayo. Pa chifukwa chomwechi, makina anu akakanika musawataye. Thiransifoma, sikirini, EPROM ndi mabatani ake zidzadzutsa ena.

Makina akachira musawabwezere mu raki nthawi yomweyo. Tsekani chivundikiro, asiyeni akugwira ntchito kwa maola angapo mawu akudutsa, kenako yezaninso mizere itatu ija ali otentha. Azimitseni usiku wonse, m'mawa muone ngati akuyaka ali ozizira komanso ngati zosunga zilipo. Powabwezera, musawaike pamwamba penipeni pa ampulifaya ya mphamvu. Siyani mpata wa 1U, womwe ndi 44.45 mm, kuti mpweya uzidutsa, popeza kutentha ndi kumene kunaumitsa makapasita oyamba aja. M'kati mwa chivundikiro matanipo kapepala kolembapo tsiku, zimene mwasintha, ndi mavoliteji amene mwapeza, kuti amene adzatsegule ulendo wina adzakhale ndi poyerekezera.